Dzino Limene Linabwerera kwa Kitione

Ndagona m'midzi yambiri ya pazilumba za Fiji zino, ndipo miyendo yanga sikhalitsa malo amodzi, koma ku Nakorovatu ndinachedwako chifukwa cha nkhani ya Kitione ndi Miliakere. Zina ndinaziona ndekha nditakhala kumapeto kwa mphasa, kumene amakhazika alendo osachoka ngati ine. Zina anandiuza Kitione mwini wake. Zotsalazo ndinatola kwa amayi ochapa kumtsinje, amene sataya mawu ngakhale amodzi.

Kitione anali mwana wa m'mudzimo amene miyendo yake inamutengera ku Sydney. Ankasewera ragibi ya anthu khumi ndi atatu, kumphepete kwenikweni kwa bwalo, kumene munthu amadikira mpira mpaka thukuta kuuma, koma ukangomupeza amathamanga osacheuka. Pa nthawi imene ndikunenayi zaka zake zabwino zinali zitapita. Bondo lamanzere madokotala anali atalitsegulapo, mgwirizano wake ndi timu unali kutha chaka chomwecho, ndipo kumbuyo kwake kunali anyamata a miyendo yatsopano akumuwerengera masiku. Chimene chinamutsalira chosathyoka chinali Miliakere, mwana wa a Apisalome, mkulu wa mpingo wa m'mudzimo.

A Apisalome sankamufuna Kitione. Ankati munthu amene amagwira ntchito tsiku la Mulungu, kaya ntchitoyo ndi yothamanga ndi mpira, sangalere adzukulu awo. Koma anali asanamukane, poti palibe amene anali atabwera kudzapempha. Kuno mkazi sapemphedwa ndi pakamwa pokha. Akuluakulu a kwa mnyamata amabwera ndi tabua, dzino la namgumi lomangidwa chingwe choluka, n'kuligwira m'manja polankhula. Dzino likalandiridwa, mawu amangika.

Ndiye Lamulungu lina Kitione anauluka pangodya ya bwalo, mpira kudzanja limodzi, n'kugoletsa. Atadzuka anathamangira kamera n'kukweza mkono. Anzake pa tepi yoyera yomanga pamkono amalembapo mavesi a m'Baibulo. Iye analembapo ndi zilembo zazikulu kuti MILIAKERE MKAZI WANGA.

Achinyamata amene ankaonera pafoni kuseri kwa tchalitchi anaziona. Pofika nthawi ya mapemphero a masana, mudzi wonse unali utaziona.

*

"Wandichita chiyani, Kiti?"

Anali Miliakere pafoni. Kitione anali pakhonde la nyumba yake ku Sydney, bondo atalikulunga ndi madzi oundana. Ankayembekeza kumva kuseka.

"Sunakondwe? Dziko lonse laona."

"Ndi zimene ndikunenazo. Dziko lonse laona, atate anga n'kumva pomaliza. Amvera pakhomo la tchalitchi, Baibulo lili m'manja, kwa a Makereta, mayi a pakamwa ngati wailesi aja. Akuti, 'Tikuyamikeni akulu, mwakwatitsa mwana pa TV osatiitana ndi kutiitana komwe.'"

"Ine ndimafuna anthu adziwe kuti sindichita nawe manyazi."

"Manyaziwo watisiyira ife. Ku Sydney kumeneko anakuphunzitsa kuti mkazi amalembedwa pa bandeji ngati chilonda?"

Kitione anaseka pang'ono, kenaka anazindikira kuti akuseka yekha.

"Atate ako akuti chiyani?"

"Sakunena kanthu. Akanakalipa bwenzi ndikudziwa kothawira. Akudya, akupemphera, akupita kumunda wa chinangwa. Dzulo anandiyang'ana n'kunena kuti, 'Mayi, popeza ndinu mkazi wa mwini, kodi tingakutumenibe madzi akumwa?' Amayi anatuluka panja kukalira."

"Mili, ndikonza."

"Usatumize jezi ya timu, usatumize katundu. Dzino, Kiti. Ubwere wekha, ukhale kumbuyo kwa akulu ako, mutu pansi. Ndipo usachedwe. Saimoni wayamba kumabwera kunyumba kudzaphunzitsa atate nyimbo zimene atate akuzidziwa kale."

"Saimoni? Msuweni wanga? Wa mimba ngati ng'oma ya tchalitchi uja?"

"Yemweyo. Iye Lamulungu sasewera mpira."

*

Saimoni anali mwana wa azakhali ake a Kitione. Anakulira limodzi, kusambira mtsinje umodzi, kuba mango a mtengo umodzi. Iye anatsala pamudzi, n'kumayendetsa galimoto ya hotela ina ya kunyanja, Lamulungu n'kumatsogolera kwaya. Pachisuweni chawo panalibe chipongwe choletsedwa, ndipo tsiku lomwelo uthenga wake wa mawu unafika pafoni ya Kitione.

"Msuweni! Ndakuona pa TV, wakalamba bwanji! Bondo lija likulira ngati chitseko cha chimbudzi, mpaka kuno tikulimva. Akakuthamangitsa usadandaule, ubwere uzidzanditsukira galimoto."

Kitione anayankha pompo. "Iwe thumba la chinangwa, utathamanga kuchoka pakhomo kufika pamsewu akhoza kukuitanira m'busa. Tamvera, Sai. Miliakere umusiye."

"Ndimusiye? Kodi ndamugwira? Ine ndimangoimba, msuweni. Olemba pamkono ndinu."

Kitione anamvetsera uthengawo kangapo. Kuseka kwa Saimoni kunali komweko kwa kale, koma kunkatha msanga, ngati munthu wotseka chitseko. Anaimbira a Waisake, mng'ono wa malemu atate ake, amene ankasunga nyumba ya banja.

"Bambo, dzino lija anasiya atate, litulutseni mulipake mafuta. Ndikufuna mupite nalo kwa a Apisalome."

Kitione ankangomva nkhuku zikulira kuseri kwa mawu a foni.

"Bambo, mukundimva?"

"Ubwere kaye, mwana wanga. Zina sizikambidwa pa foni."

*

Kochi wa timuyo anali mzungu wa mawu ochepa. Anamvetsera atapinda manja.

"Masewero a Loweruka ndi ako," anatero. "Akuluakulu a timu akhala akuyang'ana iweyo. Ukasewera bwino ndikumenyera nkhondo kuti akupatse chaka china. Ukachoka, malo ako ndipatsa mnyamata wa ku Samoa uja, ndipo ameneyu akalowa sadzatulukanso. Ukwatiwo sungadikire mwezi wamawa?"

"Si ukwati, bwana. Ndikukapepesa."

"Pepesa pafoni."

"Foni singanyamule dzino."

Kochi anamuyang'ana m'maso nthawi yaitali, monga amayang'anira wosewera amene wagunda mutu. Kenaka anangogwedeza mapewa. Kitione anatulutsa nsapato zake zosewerera m'chikwama, n'kuziika pa benchi, n'kutuluka. Anandiuza kuti pokwera ndege bondo linasiya kupweteka, ndipo zimenezi zinamuopsa kuposa ululu, ngati bondolo ladziwa kuti ntchito yake yatha.

*

Atafika ndinali pakhonde la a Waisake, tikumwa tiyi ndi chinangwa chophika. Ndinkagona m'kanyumba ka kuseri kwawo nyengo imeneyo. Kitione anavula nsapato, anawerama polowa, anakhala pansi n'kupereka mizu ya yangona, imene amasinja n'kupanga chakumwa cha pamwambo, monga achitira munthu wobwera kuchokera kutali. A Waisake analandira, anadalitsa, anafunsa za ulendo, za mvula ya ku Sydney, za bondo. Ankazungulira nkhani ngati munthu wozungulira dzenje.

"Bambo, dzino lili kuti?"

A Waisake anayang'ana pakhoma pamene panali msomali wopanda kanthu.

"Saimoni analitenga."

Kuno mwana wa mlongo wako amatchedwa vasu. Akalowa m'nyumba mwako, n'kukhala pansi, n'kuwomba m'manja, n'kutchula chimene akufuna, sungakane. Kaya ndi nkhumba, kaya ndi bwato, kaya ndi malaya amene wavala. Ukakana wanyoza mlongo wako ndi mimba imene munatulukamo nonse. Ine ndinaonapo munthu akutsika pa kavalo wake pakati pa njira n'kuyenda wapansi chifukwa vasu wawomba m'manja.

"Liti?" anafunsa Kitione.

"Patangopita tsiku la TV lija. Anati kuli maliro kwa abale a atate ake."

"Dzino la atate anga! Limene anandisiyira kuti lidzandipemphere mkazi!"

"Linali m'nyumba mwanga, ndipo iye ndi vasu wanga. Unkafuna nditani?"

"Mukananena kuti linatayika."

"Ndinamize mwana wa mlongo wanga, dzino akuliona pakhoma?" A Waisake anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. "Usandiyang'ane choncho. Ukanabwera chaka chatha, kapena chaka chinacho, bwenzi lili kwa a Apisalome. Unkangoti nyengo ya mpira ithe kaye. Nyengo ya mpira siitha, mwana wanga."

Dzinolo ine ndinkalidziwa. Linali lalikulu kudzaza chikhatho cha mwamuna, lofiirira ngati uchi chifukwa cha utsi ndi mafuta a zaka zambiri. Chingwe chake analuka atate ake a Kitione ali kudwala kale. Chapansi pake panali chilembo cha K chokhotakhota, chimene Kitione anazokota ndi msomali ali mwana, n'kulandira nacho ndodo zimene ankazikumbukirabe.

Madzulo ake a Waisake anakwera phiri kupita kwa abale a kutsidya, n'kubwerako ndi dzino lina lopempha. Linali laling'ono, lotuwa, la chingwe chothothoka.

"Dzino ndi dzino," anatero polikulunga. Koma sanatiyang'ane.

*

M'mawa mwake Kitione anapeza Miliakere kumtsinje, pansi pa mtengo wa mango, akuchapa nsalu za tchalitchi. Amayi ena amene analipo anasendera kumunsi, osati patali kwambiri ayi.

"Ukutsimphina," anatero Miliakere osadzuka.

"Ndi njira yoterera."

"Njira imeneyi unkatsika uli chithamangire utandibereka." Anafinya nsalu mwamphamvu. "Masewero ako si alero?"

"Ndi alero."

"Ndiye iwe uli kuno?"

"Unati ndibwere ndekha."

Miliakere anaika nsalu pamwala, n'kumuyang'ana koyamba. "Akuchotsa eti?"

"Mwina."

"Kiti, ndiye tizidzadya chiyani? Liwiro?"

"Munda wa atate ulipo."

"Iwe khasu unaligwira liti? Manja akowo ndi ofewa kuposa anga." Anayesa kuseka koma milomo inamukanika. Kitione anakhala pamwala pambali pake, osamukhudza, poti maso a kumunsi aja sankachapa konse.

"Pali chimene ndikufuna udziwe," anatero Miliakere motsitsa mawu. "Lachitatu atate anandituma ku Sigatoka kukathandiza azakhali kumsika. Sanayambe anditumako pakati pa sabata. Pobwera ndinapeza mphasa zatsopano zitayalidwa, makoko a yangona atatayidwa kuseri kwa nyumba, maso a amayi ali psuu. Ndinafunsa kuti kunabwera ndani. Amayi anangoti ndifunse atate. Atate anangotsegula Baibulo."

Kitione anayang'ana madzi. Sanamuuze za dzino la atate ake. Anandiuza kuti ankaopa kuti akalitchula, chimene onse awiri ankachiganiza chikhala choona.

"Tikubwera masana ano," anatero. "Dzino tili nalo."

"Nanga akakana?"

"Dzino sakana, Mili."

"Atate anga suwadziwa. Amatha kukana osanena kuti ayi." Anatenganso nsalu ija, n'kuimenyetsa pamwala. "Ine ndinakudikira zaka zonsezi ndikukuonera pa galasi. Ukagwa pabwalo ndinkatseka maso. Anthu ankati ku Sydney uli ndi azungu atatu, ine osamva. Lero usalankhule, wamva? Chilichonse chimene anganene, mutu pansi. Usalankhule."

*

Tinalowa m'nyumba ya a Apisalome dzuwa litapendeka, titavala nsalu zathu zabwino, tikuyenda chowerama. Iwo anakhala kumtunda kwa mphasa ndi abale awo aamuna. Ife tinakhala chakukhomo. Kitione, chimunthu chimene azungu ankachiopa pabwalo, anadzipinda kumbuyo kwa a Waisake, bondo lodwala atalipinda mokakamiza. Kuseri kwa nsalu yotchinga kuchipinda kunali amayi, ndipo mapazi a Miliakere ankaoneka pansi pake.

A Waisake anagwada, dzino kudzanja limodzi, chingwe kudzanja lina.

"Akulu a nyumba ino, dzino ili ndi laling'ono, chingwe chake n'chachifupi, ndipo ife amene talinyamula ndife ochepa. Mwana wathu walakwa. Walowera pawindo khomo lilipo. Watchula dzina la mwana wanu pamaso pa anthu a mitundu ina, inu musanamve. Sitinamulere bwino, mlandu ndi wathu. Tabwera kuti dzino ili likwirire cholakwacho. Ndipo ngati mitima yanu ingafewe, tabweranso kudzapempha Miliakere kuti akatiphikire ndi kutiberekera ana."

Pamene ankamaliza, kusitolo ya kumsewu kunaphulika phokoso la anthu oonera TV. Mluzu, kukuwa, kumenya zitini. Wina anakuwa kuti, "Mwana wa ku Samoa uja! Wagoletsanso!" Ndinaona msana wa Kitione ukugwedera, koma mutu sanadzutse.

A Apisalome anasendera kutsogolo. Analandira dzino laling'ono lija, analinunkhiza monga mwa mwambo, n'kuligwira nthawi yaitali.

"Ndalandira," anatero. "Cholakwa chakwiririka. Sindidzachitchulanso, ndipo wa m'nyumba muno wochitchula adzayankha kwa ine."

Tonse tinawomba m'manja. A Waisake anapuma mpweya waukulu.

"Koma a Waisake," anapitiriza a Apisalome, mawu ali ofatsa ngati akuwerenga zolengeza za mpingo, "mwabwera ndi mapempho awiri, dzino limodzi. Loyamba ndayankha. Lachiwiri sindingaliyankhe ndi pakamwa, ndingakunyozeni."

Anatembenuka, n'kusolola kanthu pansi pa pilo amene anali kumbuyo kwawo. Aliyense m'nyumbamo ankadziwa tanthauzo lake. Pempho la dzino limakanidwa ndi dzino linzake basi. Anafunyulula nsalu pang'onopang'ono.

Linali lalikulu, lofiirira ngati uchi. Pamene analitembenuza, chilembo cha K chinayang'ana kwa ife.

"Dzino ili linalowa m'nyumba muno Lachitatu, ndipo linalowera pakhomo. Ndinalilandira. Amene analituma sanalembe mwana wanga pamkono. Miliakere ndi wa Saimoni."

"Limenelo ndi la atate anga!"

Mawuwo anatuluka okha. Abale a a Apisalome anang'ung'udza, a Waisake anagwira mwendo wa Kitione, ndipo kuseri kwa nsalu mbale inagwa n'kusweka.

A Apisalome sanakwiye. Anamuyang'ana Kitione koyamba chilowereni.

"Ndikudziwa, mwana iwe. Ndinalipo pamene atate ako ankaluka chingwechi, manja akunjenjemera. Anali mnzanga. Anandiuza kuti tsiku lina lidzabwera kwa ine, ndipo ndinalidikira. Labwera, koma m'manja mwa wina. N'chifukwa chake ndikulibweza kwanu, lisagone kwa alendo. Dzino likubwerera, koma mawu amene linabweretsa atsala."

A Waisake analandira dzino la mkulu wawo ndi manja awiri. Ananena mawu othokoza amene mwambo umafuna, ndipo tonse tinawomba m'manja, Kitione yemwe.

*

Pobwerera tinafika pa mlatho wa mitengo. Foni ya Kitione inalira. Unali uthenga wa ku timu, womuuza mwaulemu kuti mnyamata uja wasewera bwino kwambiri, ndipo kuti akuluakulu akumuthokoza Kitione chifukwa cha zaka zake zonse. Anawerenga n'kuibweza m'thumba ngati munthu amene wauzidwa kuti mvula igwa.

Inaliranso. Uwu unali wa Miliakere.

"Lolemba, basi yoyamba ya ku Suva. Ndikatsala kuno andiyeza diresi la ukwati. Ukabwera bwera, ukapanda kubwera usandiuze chifukwa."

Kitione anawawerengera a Waisake. Mkuluyo anakhala pa chitsa, dzino lili pamiyendo.

"Kuthawitsana kulipo," anatero. "Si inu oyamba. Koma othawitsana amabwerera ndi dzino kudzakwirira mlandu. Popanda dzino, mwana wamkazi amasanduka wamasiye makolo ali moyo. Pakhomo la atate ake sadzapondanso, ngakhale pa maliro a amayi ake. Miliakere ndi amayi ake ukuwadziwa mmene alili. Angapirire chaka, kenaka adzayamba kukuda."

"Dzino si ilo muli nalolo, bambo?"

"Ndi lokhali. A kutsidya anapereka lawo, ndipo palibe wina angabwereketse dzino kwa munthu wolanda mkazi wa msuweni wake."

"Mudzalinyamula?"

A Waisake anasisita chilembo chija ndi chala.

"Mlongo wanga adzandilavulira. Kwaya yonse idzandilozera zala." Anakweza maso kwa Kitione. "Ndinakulakwira kamodzi ndi dzino limeneli. Ndidzalinyamula. Mukakhale ku Suva mpaka mkwiyo uzizire, ine ndidzapita nalo kwa a Apisalome."

Aka kanali koyamba kumuona Kitione akumwetulira chifikireni. Lamulungu anapita kutchalitchi, anakhala kumbuyo, anamvetsera Saimoni akutsogolera nyimbo ndi mawu ake okoma aja. Miliakere anali kumbali ya amayi, maso pa buku la nyimbo, osatembenuza tsamba.

*

Lolemba kunacha ndi nkhungu. Chikwama cha Kitione chinali pakhomo. A Waisake anayala nsalu pamphasa kuti akulunge dzino, akalibise kudenga kumene maso safika. Ine ndinkathira tiyi.

Galimoto ya hotela inaima panja.

Saimoni anavula nsapato, analowa chowerama, anakhala pansi chakukhomo pamalo a munthu wamng'ono. Anali atavala malaya a ntchito a maluwamaluwa. Anayang'ana chikwama, anayang'ana dzino, kenaka anamwetulira.

"Msuweni, wadzuka bwanji? Bondo lagona? Chikwamachi n'cha ulendo wa kuti, poti ku Sydney ndamva kuti akutsekera chitseko?"

"Sai, pita kuntchito."

"Ndipita. Ndangodzera amalume."

Anakunga manja ake n'kuwomba pang'onopang'ono, kuwomba kwakuya kwa ulemu. Nkhope ya a Waisake inagwa.

"Amalume, ndamva kuti dzino lija labwerera kunyumba. Ndikulifuna. Lidzagwira ntchito tsiku la ukwati wanga."

Dzanja la Kitione linagwa pa chingwe.

"Sai, tinagona mphasa imodzi ine ndi iwe."

"N'chifukwa chake sindikukumenya, msuweni. Ndikungopempha."

"Ukudziwa kuti sakukufuna."

Kumwetulira kwa Saimoni kunazima. "Ndikudziwa. Ukuganiza kuti ndilibe maso? Koma tamvera. Iwe unapita ndi miyendo yako, dziko lonse n'kukuwombera m'manja. Atate ako atamwalira unali ndi masewero ofunika, bokosi ndinanyamula ine. Denga ili litasasuka ndi mphepo ndinakhoma ine. Miliakere atadwala, anthu akuti sachira, ndinamutengera kuchipatala ndi galimoto ya abwana, ntchito inatsala pang'ono kunditha. Iwe unatumiza chithunzi cha maluwa. Zaka zonsezi ndakhala ndikumuyang'ana akuyang'ana TV. Watenga kutchuka, watenga ndege, ndiye utengenso iyeyo, ine nditsale ndi nyimbo?" Anatembenukira kwa a Waisake. "Amalume, ndawomba m'manja."

Kumunsi kwa phiri, pa sitolo, basi ya ku Suva inaliza hutala.

"Bambo," anatero Kitione, "munalonjeza."

A Waisake anakweza mutu. Anayang'ana mwana wa mkulu wawo, anayang'ana mwana wa mlongo wawo. Ndayenda kwambiri ine, ndaona anthu akumira ndi akupsa nyumba, koma nkhope ngati imene ija sindinaionepo.

"Mwana wanga," anatero monong'ona, "chotsa dzanja."

Kitione sanachotse. Akanatha kudzuka nalo n'kuthamanga. Ngakhale ndi bondo limenelo, m'mudzimo munalibe womugwira. Koma dzino lolanda silikwirira mlandu, ndipo munthu wolinyamula kupita nalo kwa a Apisalome anali yemweyo amene tsopano anagwira zala zake ndi manja okalamba, n'kuyamba kuzichotsa pa chingwe, chimodzichimodzi, misozi ikugwera pa nsalu.

Basi inalizanso hutala, motalika.

Chala chomaliza chitachoka, a Waisake anapereka dzino kwa vasu wawo. Saimoni analandira ndi manja awiri, osayang'ana aliyense. Foni ya Kitione inawala pamphasa, ndipo poti inali pafupi ndi mwendo wanga, ndinawerenga nawo.

"Ndakwera kale. Amayi andiona ndi chikwama, agwa pansi pamsewu. Kubwerera sindingathenso. Kiti, uli kuti?"